Chaka Chimene Ndinagula Diso la Kamera

Ntchito yojambula anthu ndinaiphunzira ku Halale. Ndinapita kumeneko kukalima fodya wa azungu monga anzanga onse, koma ndinathera pakhonde la sitolo ina m'tauni, kwa mkulu wina wa ku Tete amene ankajambula anthu odutsa. Pobwerera kumudzi, nkhondo yaikulu ija ili pafupi kutha, anzanga anabwera ndi masutikesi ndi makina osokera. Ine ndinabwera ndi njinga yogula kwa munthu, ndi kamera imene mkulu uja anandigulitsa atapeza ina.

Ndikati kamera, musaganize kanthu kolowa m'thumba. Linali bokosi la matabwa, lalikulu ngati bokosi la sopo, loima pa miyendo itatu. Kutsogolo kwake kunali galasi lozungulira lokhala m'chitsulo, limene ojambulafe tinkalitcha diso. Kumbuyo kunali mkono wa nsalu yakuda wolowetsamo dzanja, ndipo m'kati munali timbale tiwiri ta mankhwala otsukira zithunzi. Munthu ankakhala pampando, ine n'kuvundukula diso, kuwerenga mumtima, n'kuvindikiranso. Chithunzi choyamba chinkatuluka chotembenuka, nkhope yoyera, mano akuda. Chimenecho ndinkachijambulanso kuti chituluke chenicheni, ndipo munthu ankapita nacho kwawo chikadali chonyowa.

Ndinakwatira pamudzi wina kufupi ndi Nsaru, ndipo ndinkakhala komweko pachikamwini. Dzinja ndinkalima ndi mkazi wanga chimanga, mtedza ndi fodya. Mvula ikatha ndinkamanga bokosi lija panjinga n'kumayenda: ku Namitete, ku Mpingu, kwa Kabudula, kulikonse kumene anthu asonkhana. Nkhondo itatha ntchito inachuluka, chifukwa asilikali obwerera ankafuna kujambulitsa yunifolomu isanang'ambike.

Koma kamera yanga inali ndi matenda awiri. Loyamba linali la bokosi. Dzinja lina chiswe chinadya ngodya imodzi, ndipo matabwa anayamba kutasa. Kuwala kukalowa pamng'alu, chithunzi chinkatuluka ndi mzere wakuda. Ndinkamata ming'aluyo ndi phula losakaniza ndi mwaye, koma dzuwa likatentha phula linkasungunuka. Mwendo umodzi ndinaumanga ndi mphira ya chubu. Kulemera kwake ndiye kosanena. Pa zitunda ndinkachita kutsika n'kumakankha njinga.

Lachiwiri linali la diso. M'kati mwa galasi munamera nkhungu, timizere toyera ngati ulusi wa kangaude, ndipo panalibe njira yopukutira. Pakati pa chithunzi zinthu zinkaoneka bwino ndithu, koma m'mbali zinkachita ngati pali utsi. Munthu mmodzi kapena awiri sankavuta, ndinkangowaika pakati. Akachuluka, a m'mphepete ankatuluka opanda maso enieni. Anthu ambiri sankadandaula. Chinali chithunzi chawo choyamba, ndipo ankaganiza kuti zithunzi zimakhala choncho. Inenso ndinazolowera.

Ku Namitete kunali sitolo ya mwenye wina wachisilamu, munthu wofatsa, amene ankandilola kuimika kamera pakhonde pake pafupi ndi telala. Iyeyo ndi amene ankandiitanitsira mapepala ndi mankhwala kuchokera ku Limbe. Tsiku lina ndikumasula bokosi panjinga anandikodola.

"Bambo ojambula, talowani muone."

Mzungu wina wa ku esiteti ya fodya ankabwerera kwawo, ndipo anagulitsa katundu wake yense. Mwenye uja anatolako zinthu ziwiri. Choyamba chinali thupi la kamera, la matabwa ofiira opalidwa bwino, ngodya zake zomangidwa ndi mkuwa, pakati pali chikopa chopindika ngati mvukuto. Linkapindika n'kukhala ngati buku lalikulu, ndipo miyendo yake inkapindikanso. Linali ndi timafelemu toikamo mapepala, kuti munthu azijambula ambiri n'kukatsukira kunyumba. Koma linalibe diso. Akuti linagwa n'kusweka. Chachiwiri chinali diso lokha, la kamera ina yaikulu imene mzunguyo anaitaya kalekale. Linali m'kachikwama kachikopa, lolemera m'dzanja, galasi lake loyera ngati madzi a pachitsime.

"Zonse ndi zanu mukafuna," anatero mwenye uja.

"Bwana, fodya wa chaka chino angakwanitse chimodzi chokha."

"Ndiye sankhani. Ndikusungirani mpaka mwezi uthe. Ukatha, wina akabwera ndimupatsa."

Ulendo wonse wobwerera ku Nsaru maganizo anga anali pa thupi lija. Ndinkadziona ndikutsika panjinga pamsika, n'kutambasula chikopa chija anthu akuonerera. Za diso sindinaganize kwambiri.

Nditafotokoza kunyumba, mlamu wanga, mlongo wa mkazi wanga, sanadikire n'komwe kuti ndimalize. Iyeyo anali atangobwera kumene kuchokera ku nkhondo, ndipo anaona makamera ambiri m'maiko amene anapitako.

"Alamu, apa palibe chofunsa," anatero. "Munthu akafika pamsika amaona chiyani? Amaona bokosi. Lanuli likuoneka ngati mng'oma wa njuchi. Anzanga ena amachita manyazi kukhala patsogolo pake atavala yunifolomu. Gulani chooneka."

Mkazi wanga anali akusenda mtedza. Sanakweze mutu.

"Ine za manyazi sindikuzidziwa," anatero. "Ndikudziwa za msana wanu. Mukachokera ku Mpingu mumagona chafufumimba masiku awiri, kumunda osapita. Ngati chinthucho n'chopepuka, gulani."

Onse awiri ankanena zoona, ndipo ankanena zimene mtima wanga unkafuna kumva. Ndinatsimikiza kuti ndikagulitsa fodya ndikatenga thupi lija.

Sabata yotsatira ndinapita kwa Kabudula. Cha kumasana kunabwera mayi wina ndi ana ake aakazi awiri, pamodzi ndi apongozi ake, mayi wokalamba woyenda ndi ndodo. Anandiuza kuti mwamuna wake ali ku Joni zaka zambiri, ndipo walemba kalata kupempha chithunzi cha onse. Makamaka ankafuna kuona amayi ake, chifukwa anamva kuti akudwaladwala. Onse anayi anachoka kwawo m'mamawa, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha okalambawo.

Ndinafuna kuwaika okalambawo pampando pakati, koma anakana.

"Pampando ayi, mwananga. Ine ndikhala pansi pompano."

Anakhala pamphasa chakumbali, natambasula miyendo. Ndinawapempha kuti asendereko pang'ono, iwo anangosuntha ndodo yokha. Ndinajambula choncho. Nditatsuka, ndinapereka chithunzi kwa mayi uja. Anachigwira m'mphepete ndi manja awiri, nachiyang'ana nthawi yaitali. Ana aja anaoneka bwino, iyenso anaoneka bwino, mpaka mikanda ya m'khosi. Kenako analoza kumbali.

"Awa ndani?"

"Ndi apongozi anu, mayi."

"Ine ndikudziwa, chifukwa ndinali pano. Nanga mwana wawo akadziwa bwanji?"

Sanalankhule mokalipa. Ankangofunsa. Ndinayang'ana chithunzi chija ngati ndikuchiona koyamba. Panali munthu wokhala pamphasa, mpango kumutu, ndodo pambali. Koma nkhope inalibe mwini. Akanatha kukhala mayi wokalamba aliyense wa m'dziko muno.

Ndinati ndiwajambulenso okha, pakati penipeni, popanda kulipira. Okalamba aja anapukusa mutu.

"Ndakhala kale kamodzi. Mutu ukundizungulira. Tiyeni tizipita."

Mayi uja anakulunga chithunzi m'kansalu, nandithokoza mwaulemu, nanyamuka. Tsiku limenelo ndinajambulanso anthu ena, koma manja okha ndi amene ankagwira ntchito. Zaka zonsezo ndinkadziwa za utsi wa m'mbali uja. Ndinali ndisanaganizepo kuti m'utsimo mumakhala munthu amene wina akumufuna.

Nditapitanso ku Namitete ndinapempha mwenye uja kuti andilole kuyesa zonse ziwiri. Anavomera. Ndinapempha telala kuti akhale momwemo pamakina ake. Anali bambo wachikulire, woseka msanga, ndipo anati bola ndisamuuze kuti asiye kupalasa.

Poyamba ndinachotsa diso langa lakale n'kuligwirizira pa thupi latsopano lija. Zinali zokoma kugwira. Kagudumu kosendezera kankayenda mosalala, miyendo inaima nji, popanda kugwedera. Anthu anayamba kusonkhana, ena akuti, "Abwera nayo yachizungu." Ndinafunda nsalu yakuda n'kuyang'ana pagalasi la kumbuyo, pamene chithunzi chimaonekera chozondoka. Telala anali pakati, wooneka bwino. M'mbali munali utsi womwe uja. Ndinasendeza kutsogolo, ndinabweza m'mbuyo, utsi osachoka.

Kenako ndinatenga diso latsopano. Silinkakwana pabowo la bokosi langa, choncho ndinalizenga ndi nsanza, mwenye uja n'kuligwirira ndi dzanja. Ndinafundanso nsalu ija n'kuyang'ana m'kati. Ndinaona ulusi ukutsika kuchoka pamwamba pa makina kupita kusingano. Ndinaona imvi m'ndevu za telala, imodziimodzi. Kumapeto kwenikweni kwa galasi kunali chitini cha palafini, ndipo ndinatha kuwerenga malemba ake ngakhale anali ozondoka. Kuwala kunalinso kochuluka, kusonyeza kuti munthu sangafunike kukhala duu nthawi yaitali.

"Mwaona chiyani?" anafunsa telala. "Mwakhalitsatu m'nsalumo."

"Ndaona imvi zanu."

"Ndiye musagule chimenecho," anatero akuseka.

Mungaganize kuti ndinasankha pomwepo, koma ayi. Ndinavutika nazo masabata ena awiri. Ndikamakankha njinga pachitunda ndinkati thupi. Ndikamatsuka chithunzi n'kuona m'mbali ndinkati diso. Ndinkadziuza kuti anthu ambiri amabwera mmodzimmodzi, ndipo kwa iwo diso lakale n'lokwanira. Ndinkadziuzanso kuti chaka chamawa fodya akachita bwino ndidzagula chinacho. Koma ndinkadziwa kuti zinthu zotere sizibwera kawiri ku Namitete. Chimene chinkandivuta kwambiri n'chakuti thupi likanathandiza ine, pamene diso likanathandiza anthu amene ambiri a iwo sakanazindikira n'komwe kuti pasintha kanthu.

Tsiku limene ndinagulitsa fodya ndinapita kusitolo n'kuloza kachikwama kachikopa kaja. Mwenye uja anandiyang'ana.

"Mwaganiza bwino? Anthu sadzaliona limeneli. Adzaona bokosi lomwe lija."

"Ndaganiza, bwana."

Anandikulungira m'pepala, nawonjezera kansalu kofewa kopukutira.

Mlamu wanga atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati ndagula chipewa cha mfumu n'kuveka chitsa. Mawa lake, ndikumanga bokosi panjinga, mkazi wanga anabwera ndi chiguduli chopinda kanayi n'kuchiika pansi pa bokosilo kuti lisamagunde kwambiri m'mabampu.

"Poti mwasankha kulisenza," anatero, nabwerera kukasinja.

Mmisiri wina wa matabwa wa ku Nsaru anandisemera thabwa latsopano la mlombwa la kutsogolo, loboola molingana ndi diso. Linawonjezera kulemera. Ulendo woyamba ndinalunjika kwa Kabudula, n'kufunsafunsa mpaka ndinapeza mudzi wa mayi uja. Ndinamupeza akupeta. Anati chithunzi chija anatumiza kale, ndipo apongozi ake anatengedwa ndi abale awo kupita kwawo, kupitirira Kasiya. Anandiuza dzina la mudzi, koma unali kutali, ndipo ndinangoti ndidzapita. Sindinapite. Zimene mwamuna wa ku Joni uja ananena ataona chithunzicho sindinazimve.

Thupi lija silinakhalitse. Analigula mnyamata wina amene kale anali kalaliki pamsika wa fodya, munthu waukhondo, wovala tayi ngakhale kotentha. Anapeza diso laling'ono kwinakwake, naimika kamera yake pakhonde la sitolo ina kutsidya kwa msewu. Zimene ananena mlamu wanga zinachitikadi. Asilikali ndi anyamata ovala bwino ankawoloka msewu. Ine ndinkatsala ndi amayi a ana ndi anthu ofuna chithunzi cha changu. Masiku ena ndinkakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka ndikungocheza ndi telala.

Diso latsopanolo linabweranso ndi milandu yake. Bambo wina anabwereka jekete kuti ajambulitse, ndipo chithunzi chinaonetsa chigamba cha pachigongono ndi ulusi wake womwe. Anakana kuchitenga. Mayi wina anati ndamukalambitsa dala. Ndinayamba kuphunzira zinthu zimene kale sizinkafunika: kumutembenuza munthu kuti dzuwa lisamumenye pamphumi, kumukonza kolala, kumuuza kuti abise mapazi ngati ali ndi ming'alu ndipo sakufuna kuti ioneke. Diso lakale linkabisa zonsezi lokha.

Choipa kwambiri chinachitika pa ukwati wina ku Mpingu, mwezi wotentha. Phula linasungunuka pangodya ija ya chiswe ine osaona. Zithunzi zonse zinatuluka ndi mzere wakuda wodutsa pachifuwa cha mkwati ndi mkwatibwi. Nkhope zinali zooneka bwino kwambiri, ndipo mzerewo unalinso wooneka bwino kwambiri. Ankhoswe anandilankhula mawu amene sindingawalembe pano. Pobwerera ndinakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa njira, bokosi lili panjinga, ndipo ndinadzitcha chitsiru mokweza. Thupi lija silikanandichitira zimenezo.

Pang'onopang'ono ntchito ina inayamba kundipeza, ya magulu. Akwaya, mabanja akuluakulu, anthu a pampingo patsiku la ubatizo. Wina akaona chithunzi cha anzake n'kupeza kuti ngakhale wa kumapeto akudziwika, ankafunsa kuti anajambula ndani. Sinali ntchito ya tsiku lililonse, ndipo sinabweze onse amene anawoloka msewu, koma inalipo.

Tsiku lina kalaliki uja anawoloka msewu yekha n'kubwera pakhonde langa. Tinali tisanalankhulanepo kupitirira moni. Anavula chipewa.

"Akulu, ndabwera ndi pempho."

Anati mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ku Nambuma wamuitana kuti akajambule ana onse ndi aphunzitsi awo. Anavomera msanga, koma atayesa kunyumba ndi abale ake anapeza kuti diso lake silingakwanitse mizere yaitali chotero.

"Ndimati mundibwereke lanulo tsiku limodzi."

"Diso sindibwereketsa," ndinatero. "Koma ndikhoza kubwera nalo."

Tinagwirizana kuti tipite tonse. Mmisiri uja anasema kathabwa kena kolumikizira, ndipo tinanyamuka m'mawa, iye atanyamula thupi lake, ine diso lili m'thumba la jekete. Ku Nambuma tinapeza ana atafoletsedwa kale pabwalo, mizere inayi, aang'ono atakhala pansi, aakulu ataima pamabenchi, aphunzitsi m'mbali. Tinamanga diso langa pa thupi lake. Ndinafunda nsalu, n'kusendeza kagudumu kaja. Sindidzaiwala. Chilichonse chinali m'malo mwake, palibe kugwedera, palibe kuopa mng'alu, ndipo nkhope zonse zinali zooneka kuchokera mbali ino mpaka mbali inayo. Ndinamuitana kuti aone. Anakhalitsa m'nsalumo, ndipo atatuluka anangoti, "Eti zimatheka."

Anavundukula diso ndi iyeyo, poti ntchito inali yake. Ine ndinaima pambali n'kumauza ana kuti asaphethire.

Pobwerera tinkapalasa moyandikana. Ndinazindikira kuti aka kanali koyamba kuyenda ulendo wa ntchito popanda bokosi kumbuyo. Njinga inkachita ngati ikuthawa yokha. Zitunda zimene ndinazolowera kukankha ndinazikwera ndili pampando. Tinaima pamtsinje wina kuti timwe madzi, ndipo iye anandiuza kuti tsiku limene anagula thupi lija, mwenye uja anamuuza kuti panali munthu amene analisiya n'kutenga galasi. Anati anandiseka mumtima.

"Nanga lero atakuikiraninso zonse ziwiri patebulo, mungatenge chiyani?" anafunsa.

Ndinaganiza kaye. Ndinkafuna kumuyankha zoona.

"Lero ndingatenge diso," ndinatero. "Koma lero sindinasenze kanthu. Mudzandifunse tsiku limene ndikuchokera ku Mpingu."

Anaseka, nasamba kumaso, n'kukonza tayi yake. Tinagwiranso ntchito limodzi kangapo m'zaka zotsatira, pakakhala gulu lalikulu. Masiku ena onse iye ankakhala kutsidya kwake, ine kutsidya kwanga, ndipo tinkapatsana moni ndi dzanja galimoto ikadutsa fumbi litachepa.